Akalulu, Makoswe ndi Nkhosa: Zimene Nyama Zaonetsa pa Kuthina kwa Mavavu a Mtima

Mu 2007 gulu la madokotala a ku Mozambique ndi ku France, kuphatikizapo Ana Olga Mocumbi ndi Beatriz Ferreira a ku Instituto do Coração, linafalitsa zotsatira za kafukufuku amene linachita m'sukulu za mumzinda wa Maputo. Anapima ana 2,170. Poyamba anamvetsera mitima ya anawo ndi kachipangizo kamene dokotala amavala m'makutu, ndipo mwa njira imeneyi anapeza ana 5 odwala mavavu a mtima. Atawaunika onsewo ndi makina oonetsa mtima ukugunda, ofanana ndi amene amaunikira amayi oyembekezera, chiwerengerocho chinafika pa 66. Ndiye kuti pa ana 1,000 alionse, ana 30 anali ndi mavavu amene anayamba kuwonongeka, ndipo ambiri mwa iwo sankadandaula chilichonse. Ku Lilongwe, kafukufuku wa ana 1,450 amene anafalitsidwa mu 2016 anapeza zizindikiro zotere mwa ana oposa 3 pa 100 alionse. Chiwerengero cha ku Maputo chitati chigwiritsidwe ntchito pa sukulu ya ana 500 ya ku Mualadze kapena ku Zóbuè, ndiye kuti ana pafupifupi 15 amayankha dzina m'mawa uliwonse ali ndi vuto limene iwo eni, makolo awo ndi aphunzitsi awo sakulidziwa.

Matenda oterewa ndi ovuta kuwafufuza. Amayamba mwana ali ndi zaka 7 kapena 10, koma amadzaonekera poyera atakula, mwina ali ndi zaka 20 kapena 30. Palibe angang'ambe chifuwa cha mwana chaka ndi chaka kuti aone mmene vavu ikusinthira. N'chifukwa chake akatswiri amatembenukira kwa akalulu, mbewa, makoswe ndi nkhosa. Zina mwa zimene nyamazi zinaonetsa zinakhala zoona kwa anthu. Zina zinawasocheretsa akatswiriwo kwa zaka zambiri.

Vavu yothina

Aliyense amene anaonapo mjigo ukukonzedwa amadziwa kuti mkati mwake muli tizitseko timene timalola madzi kukwera koma osabwerera pansi. Mtima uli ndi tizitseko totere tinayi. Mabuku a Chipwitikizi amati válvulas, ndipo pa Chinyanja mawu amene ana amawadziwa kale ndi akuti vavu, chifukwa cha vavu ya chubu cha njinga. Kusiyana kwake n'kwakuti mavavu a mtima ndi a mnofu wopyapyala, ndipo amatseguka ndi kutsekeka maulendo pafupifupi 100,000 tsiku lililonse, moyo wonse osapumula.

Awiri a mbali ya kumanzere ndiwo amavuta kawirikawiri. Vavu ya mitral ili pakati pa chipinda chimene chimalandira magazi ochokera m'mapapo ndi chipinda champhamvu chimene chimawapopa. Vavu ya aorta ili potulukira, pamene magazi amalowa mumtsempha waukulu wopita m'thupi lonse. Vavu ikawonongeka imalephera kutseka bwino n'kumadontha, kapena imalephera kutseguka mokwanira. Kulephera kutsegukaku ndiko kuthina, estenose pa Chipwitikizi. Khomo la vavu ya mitral ya munthu wamkulu limakhala masikweya sentimita 4 mpaka 6. Likachepa kufika pa 1.5, pongokwanira nsonga ya chala, madokotala amati lathina kwambiri. Magazi amadzazana m'mapapo, munthu amabanika akangokwera kachitunda, amatsokomola usiku, nthawi zina mpaka kulavula magazi, moti ena amayamba kuganiziridwa chifuwa chachikulu. Kwa mtsikana vutoli limakonda kuphulika akatenga pakati, chifukwa magazi a mayi woyembekezera amachuluka ndi pafupifupi theka, ndipo onsewo ayenera kudutsa pa kakhomo komwe kaja.

Pali matenda awiri osiyana amene amathinitsa mavavu, ndipo nkhani ya nyama singamveke popanda kuwalekanitsa. Oyamba ndi a ukalamba. Kashiyamu amaunjikana pa vavu ya aorta, monga mmene laimu amakakamirira m'ketulo yowiritsira madzi a pachitsime, mpaka vavuyo kuuma ngati fupa. Amenewa ndiwo ofala ku Ulaya ndi ku America mwa anthu opitirira zaka 65.

Achiwiri ndi a ana ndi achinyamata, ndipo amayamba ndi zilonda zapakhosi zimene amayambitsa bakiteriya wotchedwa Streptococcus pyogenes. Ana ambiri amachira n'kuiwala. Koma mwa ena ochepa, pakapita masabata awiri kapena atatu, thupi limatentha, mfundo zimatupa, ndipo mtima nawo umatupa. Imeneyi ndiyo febre reumática. Si bakiteriyayo amene amaluma mtima. Chitetezo cha m'thupi la mwanayo ndicho chimasokonezeka n'kuyamba kulimbana ndi mavavu ake omwe. Zikachitika kangapo, vavu imachita zipsera, milomo yake imamatirirana m'mbali, ndipo khomo limachepa. Mu 2015 anthu oposa 33 miliyoni padziko lonse anali ndi matenda a mavavu amenewa, ndipo pafupifupi 319,000 anamwalira nawo m'chaka chimenecho. Kafukufuku wotchedwa REMEDY anatsatira odwala 3,343 m'zipatala za mayiko 14, kuphatikizapo Mozambique, Malawi ndi Zambia. Theka la odwalawo anali osapitirira zaka 28, ndipo zitatha zaka ziwiri, pafupifupi 17 pa 100 alionse anali atamwalira.

Kalulu amene anapatsa anthu chiyembekezo

Nyama imene akatswiri amaidwalitsa dala kuti iimire munthu, pa Chipwitikizi amaitchula kuti modelo animal. Ili ngati galimoto yamawaya imene anyamata amapanga. Ili ndi matayala anayi ndi chiwongolero, ndipo mwana angaphunzirepo mmene matayala akutsogolo amakhotera. Koma za mafuta, za mabuleki ndi za injini kutentha pa chitunda cha ku Zóbuè sangaphunzirepo kanthu. Funso nthawi zonse n'lakuti: nyamayi yafanana ndi munthu pati, ndipo yasiyana naye pati?

Kalulu analowa m'nkhaniyi kalekale. Mu 1913, ku St Petersburg, Nikolai Anichkov anadyetsa akalulu mafuta otchedwa kolesterol, ndipo mitsempha yawo inayamba kuyanga mafuta mkati ngati ya anthu okalamba. Pambuyo pake ena anaona kuti vavu ya aorta ya akalulu otere imakhuthalanso ndi kuyamba kuuma. Mu 2002 Nalini Rajamannan ndi anzake ku America anasonyeza kuti akalulu odyetsedwa kolesterol akapatsidwanso atorvastatin, mankhwala otsitsa mafutawo m'magazi, mavavu awo sawonongeka kwambiri. Chiyembekezo chinali chachikulu. Mankhwalawo analipo kale, anthu mamiliyoni ankawamwa kale, ndipo zinkaoneka kuti piritsi limodzi patsiku likhoza kupulumutsa okalamba ku opaleshoni.

Anayesa pa anthu katatu. Ku Scotland zotsatira za odwala 155 zinatuluka mu 2005. Ku mayiko a kumpoto kwa Ulaya anatsatira odwala 1,873 kwa zaka zoposa zinayi, zotsatira n'kutuluka mu 2008. Ku Canada anayesa odwala 269, n'kufalitsa mu 2010. Konse kutatu kolesterol anatsikadi kwambiri m'magazi, koma mavavu anapitiriza kuthina pa liwiro lomwe lija, ngati kuti anthuwo sanamwe kalikonse.

Zifukwa zake zimaoneka bwino munthu akayang'ana mmbuyo. Kalulu ndi nyama yodya udzu, thupi lake silinazolowere mafuta, ndipo akadyetsedwa kolesterol amakwera m'magazi mwake kuwirikiza kambirimbiri kuposa wa munthu. Matenda amene mwa munthu amatenga zaka makumi angapo, mwa kalulu anapangidwa m'masabata owerengeka. Chachikulu n'chakuti akaluluwo anapatsidwa mankhwala pa nthawi yomwe matenda ankayamba, pamene anthu anapatsidwa vavu itayamba kale kuuma. Kaluluyo sananame. Anayankha funso lakuti kodi mankhwala angaletse vutoli kuyamba, pamene madokotala ankafuna yankho la funso lina, lakuti kodi angaliimitse litafika kale patali.

Mbewa zinabwera pambuyo pake. Si mbewa zija ana amakumba m'minda akatha kukolola. Izi ndi zoweteredwa m'nyumba zofufuzira, ndipo ubwino wake n'ngwakuti zimaswana msanga komanso akatswiri amatha kusintha chibadwa chake, kuchotsa jini imodzi n'kuona chimene chitsatire. Ku University of Iowa, mu 2006, anapeza kuti mwa mbewa zosinthidwa kuti zikhale ndi kolesterol wambiri, pafupifupi imodzi mwa zitatu zilizonse inali ndi vavu yothina itafika miyezi 20, umene ndi ukalamba wa mbewa. Koma vavu ya mbewa ndi yaing'ono ngati kanjere ka mawere, ndipo mtima wake umagunda maulendo 500 kapena 600 pa mphindi imodzi. Mphamvu imene magazi amakankhira vavu yotere si imene amakankhira ya munthu.

Kalulu ndi mbewa zonsezi zinkaimira matenda a okalamba. Kumeneko n'kumene ndalama zambiri za kafukufuku zapita, chifukwa ndiwo matenda a mayiko amene ali ndi ndalamazo. Matenda a mwana wa ku Moatize anatsalira kumbuyo, ndipo chifukwa china sichinali ndalama zokha.

Khoswe wa Lewis

Streptococcus pyogenes amakhala mwa anthu basi. Palibe nyama yodziwika imene imadwala febre reumática mwachilengedwe. Anyani ndi apusi akhoza kutenga bakiteriyayu pakhosi akapatsidwa dala, koma zimathera pomwepo. Kwa zaka zambiri akatswiri ankabaya nyama zosiyanasiyana osapeza zofanana ndi zimene ankaona m'mitima ya ana.

Zinthu zinasintha mu 2001 ku University of Oklahoma, m'gulu la Madeleine Cunningham. Bakiteriyayu ali ndi tinthu tangati tiubweya pakhungu pake, totchedwa puloteni M. Kapangidwe ka puloteniyu n'kofanana kwambiri ndi ka myosin, puloteni wa m'minofu ya mtima, komanso ndi mapuloteni ena a pa vavu. Gululo linabaya puloteni M yekha, popanda bakiteriya wamoyo, mwa makoswe oyera a mtundu wotchedwa Lewis. Ena mwa makoswewo mavavu awo a mitral anatupa, ndipo poyang'ana ndi makina okuza zinthu anapeza maselo a chitetezo atalowa mkati mwa vavu, monga mmene zimaonekera m'mavavu ochotsedwa mwa anthu pa opaleshoni.

Zili ngati alonda amene auzidwa kuti wakuba wavala malaya ofiira. Wakubayo amugwira, koma mawa lake agwiranso mwana wa mwini nyumba, chifukwa nayenso wavala malaya ofiira. Ganizo limeneli linalipo kale, koma khoswe ndi amene anasonyeza kuti malayawo okha, popanda wakuba, ndi okwanira kuyambitsa chisokonezo.

Ntchitoyi inapitirira ku James Cook University, ku Townsville m'dziko la Australia, kumene matendawa akadali ofala pakati pa Aaborijini. Mu 2016 ofufuza a kumeneko anasonyeza kuti khoswe akabayidwa puloteni M mobwerezabwereza, mtima wake umawonongeka kwambiri kuposa wobayidwa kamodzi. Zimenezi zikugwirizana ndi zimene madokotala amaona: kudwala koyamba nthawi zambiri kumasiya chilema chaching'ono, koma kwachiwiri ndi kwachitatu ndiko kumamaliza vavu. Ku Tel Aviv University, mu 2012, anaonanso chinthu china. Makoswe a Lewis obayidwa zidutswa za bakiteriyayu ankalephera kugwira bwino chakudya ndi timanja tawo takutsogolo, ndipo ankavutika kuyenda pa kamtengo kopingasa. Alonda omwe aja amafikanso mu ubongo, ndipo mwa mwana zimenezi zimaonekera m'kope, monga afotokozera m'munsimu.

Malire a khoswe ndi ambiri. Sadwala zilonda zapakhosi, amangobayidwa puloteni wosakaniza ndi mankhwala okwiyitsa chitetezo. Makoswe a Lewis ndi ofanana chibadwa ngati mapasa, pamene mwa ana 100 odwala pakhosi ndi ochepa okha amene mtima umadzakhudzidwa. Khoswe sagona anthu asanu ndi atatu m'chipinda chimodzi, sadwala mphere, sakhala ndi njala. Ndipo amafa ali ndi zaka ziwiri kapena zitatu. Amaonetsa kutupa ndi chiyambi cha zipsera, koma vavu yomatirirana, yothina ngati pakamwa pa nsomba, imafuna zaka zambiri kuposa moyo wake wonse.

Ngakhale zili choncho, khosweyu ali ndi ntchito imodzi imene ndi yovuta kuipereka kwa wina. Mu 1969, ku Boston, Benedict Massell anafalitsa zotsatira za katemera wopangidwa ndi puloteni M amene anaperekedwa kwa ana 21. Awiri anadwala febre reumática, wachitatu anaoneka kuti nayenso wadwala. Katemerayo ankaganiziridwa kuti anadzutsa alonda omwe aja. Mu 1979 boma la America linaletsa akatemera a bakiteriyayu, ndipo chiletsocho chinakhala zaka zoposa 25. Mpaka lero katemera wovomerezeka kulibe. Amene akupangidwa tsopano amagwiritsa ntchito tizidutswa tating'ono tosafanana ndi mtima, ndipo ena amayamba ayesedwa mwa makoswe a Lewis kuti zioneke ngati mavavu atupe. Pofuna kudziwa ngati katemera amatetezadi pakhosi, akatswiri atembenukira kwa anthu enieni. Ku Melbourne, mu 2021, anafalitsa kafukufuku wa akuluakulu athanzi amene anavomera kupakidwa bakiteriyayu pakhosi ali m'chipatala. Mwa 20, anthu 17 anadwala zilonda, ndipo onse anapatsidwa mankhwala msanga n'kuchira.

Chinthu chimene chimapulumutsa ana lero sichinatsimikizidwe ndi nyama. Mu 1950 madokotala a pa malo a asilikali a ndege ku Wyoming anasonyeza kuti asilikali odwala pakhosi akabayidwa penisilini, ochepa kwambiri ndiwo amadzadwala febre reumática. Ku Gulu, m'dziko la Uganda, Andrea Beaton, Emmy Okello ndi anzawo anatsatira ana a sukulu amene makina anawapeza ndi mavavu oyamba kuwonongeka. Theka ankabayidwa penisilini masabata anayi alionse, theka ayi. Zotsatira zinatuluka mu 2021: pa zaka ziwiri, matenda anakula mwa ana 3 pa 399 obayidwa, ndi mwa ana 33 pa 400 osabayidwa.

Nkhosa ndi mavavu atsopano

Vavu ikathina kwambiri, mankhwala sangaitsegule. Ena amawatsegula ndi kachibaluni kolowetsedwa kudzera mumtsempha wa m'mphechepeche. Ena amafunika vavu yatsopano, ndipo apa pali kusankha kowawa. Vavu yachitsulo imakhala moyo wonse, koma magazi amakonda kuundana pa iyo, choncho munthu amamwa warfarin tsiku lililonse ndi kumayezetsa magazi pafupipafupi. Mankhwalawa akachepa munthu akhoza kufa ziwalo, akachuluka amataya magazi, ndipo amavulaza mwana wosabadwa. Kwa mtsikana wokhala kutali ndi malo oyezera magazi, umenewu ndi mtolo wolemera. Vavu yopangidwa ndi mnofu wa nkhumba kapena ng'ombe, imene njira yoikonzera inapezedwa ndi Alain Carpentier ku Paris chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960, sifuna warfarin wa moyo wonse. Mwa munthu wokalamba imatha zaka 10, 15 kapena kupitirira. Mwa wachinyamata imauma ndi kashiyamu m'zaka zochepa, chifukwa thupi limene likukula limayendetsa kashiyamu wambiri.

Mwana wa nkhosa amachita chimodzimodzi, ndipo amachita m'miyezi yochepa chabe. Mtima wa nkhosa ndi waukulu pafupifupi ngati wa munthu, moti vavu yeniyeni imene idzaikidwe mwa munthu ndi imene imayesedwa. N'chifukwa chake mavavu atsopano amayamba aikidwa mwa nkhosa zazing'ono kwa miyezi ingapo kenako n'kuchotsedwa kuti aonedwe. Pa nyama zonse za m'nkhani ino, nkhosa yaing'ono ndiyo ikufanana kwambiri ndi wodwala wa kuno kuposa wokalamba wa ku Ulaya. Ku University of Cape Town, Peter Zilla ndi anzake anayambitsa kampani ya Strait Access Technologies, imene ikupanga mavavu a pulasitiki yofewa oti aziikidwa popanda kuimitsa mtima, poganizira achinyamata a ku Africa, ndipo akhala akuwayesa pa nkhosa. Kufunika kwake n'kosachita kufunsa kwa banja la ku Tete. Maopaleshoni a mtima amachitikira ku Maputo, ulendo wa makilomita oposa 1,500 pa msewu.

Ana akamva zonsezi amafunsa ngati si nkhanza, ndipo funsolo n'loyenera. Nyamazi zimamva ululu ndipo zambiri zimaphedwa kafukufuku akatha. Kuyambira 1959, pamene William Russell ndi Rex Burch analemba mfundo zake, ofufuza amayembekezeredwa kusagwiritsa ntchito nyama ngati pali njira ina, kugwiritsa ntchito zochepa, ndi kuchepetsa ululu wake. Lero ena amalera maselo a mavavu a anthu m'timbale, koma kambale sikagunda ndiponso kalibe alonda.

Zimene zimaonekera m'kalasi

Mbali ya matendawa imene khoswe alibe, ya pakhosi, ya mfundo ndi ya zaka zodikira, ndi imene imadutsa pamaso pa mphunzitsi. Zaka zoopsa kwambiri ndi za pakati pa 5 ndi 15, zaka za pulayimale ndendende.

Zilonda zapakhosi zokayikitsa ndi zobwera ndi kutentha thupi, kuwawa pomeza ndi mwanabere m'khosi, koma popanda kutsokomola kapena mamina. Mwana wotere ayenera kupita kuchipatala, kumene mankhwala ake ndi jakisoni mmodzi wa penisilini kapena mapiritsi a masiku 10. Ululu umatha pa tsiku lachitatu, ndipo m'pamene mabanja ambiri amasungira mapiritsi otsalawo mwana wina. Masiku 10 aja ndi ofunika onse, chifukwa cholinga ndi kuchotseratu bakiteriya alonda asanasokonezeke. Zilonda zamafinya zapakhungu, zimene zimakonda kutsatira mphere, zimakhalanso ndi bakiteriya yemweyu.

Apa chinenero chimalowererapo. Pa Chinyanja mawu akuti malungo amatanthauza matenda a udzudzu komanso kutentha ndi kuphwanya thupi kulikonse. Mayi akauza namwino kuti mwana ali ndi malungo, magazi amayezedwa, ndipo akapezeka opanda tizilombo, mwana akhoza kubwerera kunyumba ndi panado yekha. Mawu akuti nyamakazi nawo anthu amawamva ngati a agogo, moti mwana wodandaula bondo amauzidwa kuti anagwa pa mpira. Koma ululu wa febre reumática uli ndi khalidwe lake. Umasamuka. Lero bondo latupa ndi kutentha, pakapita masiku awiri bondo lapola ndipo kakolo kapena chigongono ndicho chatupa. Namwino akamva zimenezi, n'kumvanso kuti masabata atatu apitawo mwanayo ankalephera kumeza nsima, aganiza za mtima. Kawirikawiri palibe amene amatchula za pakhosipo, chifukwa zinapola ndipo sanafunsidwe. Mwana amene anaphunzira m'kalasi kuti garganta ndi pakhosi, articulação ndi mfundo, válvula ndi vavu, ndiponso kuti zitatuzi zimagwirizana, angathe kufotokoza mbiri yake yekha m'chinenero chilichonse chimene afunsidwe.

Chizindikiro chimene mphunzitsi amachiona msanga kuposa kholo ndi chija makoswe a ku Tel Aviv anaonetsa. Madokotala amati coreia de Sydenham. Mwana amene ankalemba bwino, kawirikawiri mtsikana, amayamba kulemba mokhotakhota, zilembo kudumpha mizere. Amagwetsa cholembera, amalephera kukhazikika, nkhope imachita tsinya ndi kumwetulira mosafuna, amalira pa zinthu zazing'ono. Akagona zonse zimaleka. Zikhoza kubwera patatha miyezi ingapo chidwalireni pakhosi, popanda kutentha thupi. Kusukulu amamuyesa wamwano kapena waulesi, kunyumba ena amaganiza za mizimu kapena ufiti. Kumukalipira kumangowonjezera kugwedezekako. Kope lake ndi umboni wabwino kwambiri: tsamba la mwezi wa Marichi ndi la mwezi wa Juni zikaikidwa pamodzi, kusinthako kumaoneka, ndipo n'koyenera kuti kholo lipite nalo kuchipatala. Kugwedezekako kumatha kokha pakapita miyezi, koma ambiri mwa ana otere mavavu awo amakhala atakhudzidwa.

Mwana amene wapezeka ndi matendawa amabayidwa penisilini masabata atatu kapena anayi alionse kwa zaka zambiri, ena mpaka atakula, ena moyo wonse. Jakisoniyo ndi wowawa, ndipo mwanayo amamva kuti ali bwino, choncho kusiya n'kosavuta. Kwa mabanja a m'malire, amene nthawi zina amapita ku chipatala cha mbali ino ndipo nthawi zina ku Mwanza, khadi lolembapo masiku a jakisoni liyenera kuyenda ndi mwanayo. Mphunzitsi amene akudziwa tsikulo sangamulembe ngati wojomba, ndipo akaona kuti mwezi wadutsa mwanayo osapempha kupita kuchipatala, angathe kufunsa makolo.

Phunziro la mavavu lenilenilo silifuna buku lokha, poti ku Tete mbuzi sizisowa. Mtima wa mbuzi wogulidwa pamsika, wosadulidwa mitsempha yake pafupi kwambiri, uli ndi zipinda zinayi ndi mavavu anayi ngati wa munthu. Madzi akathiridwa mumtsempha waukulu wokhuthala, ana amaona timatumba titatu ta vavu ya aorta tikudzaza n'kutseka njira. Mbali ya kumanzere imadziwika ndi mnofu wake wochindikala. Nsonga ya pansi ikadulidwa ndipo chipinda chapamwamba chikatsegulidwa, milomo iwiri ya vavu ya mitral imaoneka, yomangidwa ndi tizingwe toyera. Ana athire kapu imodzi ya madzi kuchokera pamwamba n'kuwerenga masekondi mpaka atatha kudutsa. Kenako mphunzitsi asoke m'mbali mwa milomo iwiriyo ndi singano ndi ulusi, kusiya kabowo ka nsonga ya pensulo, ndipo athirenso kapu yomweyo. Manambala awiriwo alembedwe pabolodi, ndipo gulu lililonse litchule chinthu chimodzi chimene mtima wa mbuziwo waonetsa ndi chimodzi chimene sungaonetse. Onse amene agwira nyamayo asambe m'manja ndi sopo asanabwerere ku makope awo.